Mbiri ya Maulendo a pa Phiri la Mulanje

Phiri la Mulanje ndilo lalitali koposa mapiri onse a m'Malawi. Nsonga yake yochedwa Sapitwa itali mamita 3,002, ndiko kuti mafiti pafupifupi 9,850. Masiku ena mitambo imakuta tsinde lonse la phirili, nsonga zokha n'kumaoneka pamwamba, ndipo chifukwa cha ichi alendo analipatsa dzina lakuti chilumba cha m'mlengalenga. Chaka ndi chaka anthu amachoka ku maiko akutali kudzakwera phiri limeneli, awiriawiri kapena asanuasanu. Ambiri amabwerera kwao ali okondwa, koma ena ochepa sanabwerere. Tsono tiyeni tione mbiri ya maulendo amenewa, kuti tidziwe chimene chimasunga moyo wa mlendo, ndiponso chimene chimasunga phiri lenilenilo.

Eni ake a phiri

Azungu asanafike, anthu a m'tsinde mwa phiri analidziwa kale. Amang'anja anakhalamo kuyambira kale, pambuyo pake kunadza Ayao, ndipo Alomwe anafika ambiri kuchokera ku Mozambique. Anthu amenewa ankakwera kukasaka nyama, kukafuna mankhwala ndi kukathira nsembe popempha mvula, monga ankachitira pa Dziwe la Nkhalamba, pa mtsinje wa Likhubula.

Makolowo sankakwera phiri mwachisawawa. Iwo ankati pamwambapo ndi mudzi wa mizimu, ndipo dzina lakuti Sapitwa litanthauza malo osapitidwa. Munthu sankaloledwa kupokosera kapena kunyoza ali pa phiri, ndipo sankapatukana ndi anzake. Wina angaganize kuti amenewa anali mantha chabe. Koma m'malamulo amenewa munali nzeru, pakuti makolo anaona kuti nyengo ya pa phiri imasandulika m'kanthawi kochepa. Kuli nkhungu yozizira yochedwa chiperoni, imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone m'Mozambique, kumene imachokera. Ikafika, munthu satha kuona mnzake ngakhale ali pafupi, miyala imaterera, ndipo timitsinje timene mwana akanalumpha m'mawa timasefukira dzuwa lisanapendeke.

Kufika kwa Azungu

David Livingstone analiona phirili m'chaka cha 1859, pa ulendo wake wopita ku nyanja ya Chilwa, koma sanalikwere. Patapita zaka pafupifupi 30 amishoni a Church of Scotland ochokera ku Blantyre anayamba nchito yao ku Mulanje. M'chaka cha 1891 Henry Brown anabzala tiyi kuno, ndipo minda ya tiyi inayamba kukula m'tsinde mwa phiri. M'chaka chomwecho Alexander Whyte, munthu wophunzira za mitengo ndi nyama, anakwera pamwamba, nakasonkhanitsa masamba ndi mbeu za mitengo yachilendo kwa iye. Umodzi wa mitengoyo unali mkungudza wa ku Mulanje, ndipo akatswiri a ku London anautcha Widdringtonia whytei, kutengera dzina lake.

Mabuku amasunga maina a Azunguwo, koma maina a anthu amene anawalondolera njira ndi kuwasenzera katundu sanalembedwe. Onse ankangochedwa amtengatenga. Komatu popanda iwowa mlendo sakanadziwa pooloka mtsinje, kapena phanga logonamo mvula ikamgwira. M'chaka cha 1927 Boma linalamula kuti phiri lonse likhale nkhalango yotetezedwa, ndipo a Dipatimenti ya Nkhalango anayamba kuyang'anira njira ndi nyumba zogonamo anchito ao pamwamba.

Ngozi ya m'chaka cha 1949

M'chaka cha 1949 kunafika munthu wa ku South Africa dzina lake Laurens van der Post. Iye anatumidwa kuchokera ku London kudzaona ngati malo a pamwamba pa Mulanje ndi pa Nyika angapindulitse pa ulimi ndi ziweto. Anayenda ndi akuluakulu a zankhalango ndiponso gulu la amtengatenga. Mmodzi wa akuluakuluwo anali mnyamata wina, Fred France, amene ankakhala ku Chambe pamodzi ndi mkazi wake ndi mwana wakhanda.

Ali m'kati mwa ulendo chiperoni chinawapeza, mvula n'kugwa kosalekeza. Anthu onse ananyowa ndi kuzizidwa, ndipo pofuna kutsika msanga anatsata njira yodzera ku chigwa cha mtsinje wa Ruo. Kumeneko anapeza madzi atasefukira pamwamba pa mathithi. France anadzimanga chingwe m'chiuno kuti aoloke poyamba, akonzere anzake pogwira. Madzi anamkokolola, chingwe chinaduka, ndipo anagwera ku mathithi namwalira. Pambuyo pake van der Post analemba nkhaniyi m'buku lochedwa Venture to the Interior, koma anasintha dzina la mnyamatayo. Kanyumba ka ku Chambe kochedwa France's Cottage kasunga dzina lake lenileni.

France sanali mlendo pa phiri, ndipo anali wamphamvu ndi wolimba mtima. Imfa yake itiphunzitsa kuti mtsinje wodzala saulimbira. Mitsinje ya pa phiri imadzala msanga, koma imaphweranso msanga mvula ikaleka, ndipo wodikira pa gombe ataya tsiku limodzi lokha.

Bungwe ndi nyumba za pa phiri

M'chaka cha 1952 anthu okonda kukwera mapiri anapanga bungwe lao, limene lero lichedwa Mountain Club of Malawi. Bungweli linagwirizana ndi a zankhalango posamala nyumba zogona alendo. Nyumbazi zili ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu ndi Chisepo, ndipo a mpingo wa CCAP ali nayo yao ku Lichenya. Zinamangidwa motalikirana, kuti munthu akachoka pa ina m'mawa akafike pa inzake kusanade. Pa nyumbazi pamakhala mlonda wokonza nkhuni ndi madzi.

Nyumba zimenezi ndi zazing'ono, chotero phiri lokha linaphunzitsa anthu kuyenda m'magulu ochepa. Gulu laling'ono lili ndi ubwino wake. Wotsogolera atha kuwerenga anthu ake ndi maso, naona amene watopa kapena wayamba kunjenjemera. Nkhuni zochepa zikwanira, ndipo njira sikumbika ndi mapazi ambiri. Komanso munthu mmodzi yekha sakwanira, pakuti akathyoka mwendo palibe womthamangira kukaitana anthu.

Pang'onopang'ono nchito ya amtengatenga inasanduka nchito yolongosoka. Mlendo amayamba walembetsa dzina lake ku ofesi ya zankhalango, monga ya ku Likhubula, nanena njira imene adzere ndi tsiku lobwerera. Pamenepo amatenga wotsogolera ndi onyamula katundu, ndipo malipiro amapangana ulendo usanayambe. Ndalama zimenezi zimagula chimanga ndi kulipirira ana sukulu m'midzi ya m'tsinde mwa phiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 pamachitikanso mpikisano wa liwiro wochedwa Porters' Race, umene unayamba ndi onyamula katunduwo. Njira imene mlendo amayenda tsiku lonse iwo amaithamanga m'maora ochepa. Luso lina linaoneka m'chaka cha 1977, pamene Frank Eastwood ndi Ian Howell anakwera ndi zingwe thanthwe la kumadzulo kwa Chambe, lotalika mamita pafupifupi 1,700. Eastwood yemweyo analemba buku lolongosola njira za pa phiri lonse.

Amene anasiya wotsogolera

Ngakhale zinthu zinakonzedwa chotero, ngozi sizinatheretu. M'mwezi wa July 2009 Gabriel Buchmann, mnyamata wophunzira kwambiri wa ku Brazil, anakwera ndi wotsogolera wake kufikira pafupi ndi Sapitwa. Pokhala pa changu, anapitirira yekha ku nsonga, osatenga zobvala zokwanira zotchinga mphepo. Nyengo inasintha, iye nasokera. Anthu ambiri anamfunafuna, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata oposa awiri. Chimene chinamupha ndi kuzizira.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Munthu angakhale ataphunzira m'sukulu zazikulu, pa phiri mphunzitsi wake ndi mnyamata wa m'mudzi amene adziwa mwala uliwonse. Wotsogolera akanena kuti lero sitikwera, mau ake ndiwo lamulo. Nayenso wotsogolera asabvomere kusiya mlendo chifukwa cha ndalama kapena manyazi.

Mkungudza ndi madzi

Phiri nalonso litha kupwetekedwa ndi anthu. Mkungudza wa ku Mulanje sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi. Matabwa ake ndi onunkhira, ndipo chiswe sichiwadya, chotero anthu anaufuna kwambiri pomanga nyumba ndi maboti. Kwa zaka zambiri ocheka matabwa ankatsika nawo pamutu m'njira zomwezo zimene alendo amakwera. M'chaka cha 1984 mtengowu unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Koma kudula kobisa ndi moto wolusa sizinaleke, ndipo pamene akatswiri anawerenga m'chaka cha 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi linafesa mbande ndi kuzibzala pamwamba, koma mkungudza umatenga zaka makumi angapo kuti ukule.

Mitengo ikatha pa phiri, mabvuto amatsikira kwa ife okhala pansi. Mitsinje ya Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila ndi Phalombe imayambira pamwambapo, ndipo madzi a Likhubula amapita m'mipope kufikira ku Blantyre. Tikumbukira madzi ndi miyala zimene zinakokolola midzi ku Phalombe mu March 1991, ndiponso namondwe Freddy mu March 2023. Mvula yotere palibe angailetse, koma phiri lopanda mitengo silichedwetsa madzi, ndipo nthaka yake imatsika mosabvuta.

Chifukwa cha ichi mlendo wanzeru sasiya moto usanazime, sataya zitini ndi mapepala m'njira, ndipo sagula kabokosi kosema ndi mkungudza wobedwa, pakuti wogula ndiye atuma nkhwangwa. Amalipira onyamula katundu monga anapangana, sawasenzetsa mtolo wopitirira mphamvu zao, ndipo amaonetsetsa kuti nawonso ali ndi chofunda usiku.

M'chaka cha 2000 bungwe la UNESCO linaika Mulanje pa mndandanda wa malo osungira zachilengedwe, ndipo mu July 2025 linalilemba pakati pa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alomwe yolemekeza phirili. Chotero ulemu umene makolo ankapereka kwa phiri wadziwika tsopano ku maiko onse, ndipo alendo adzachuluka. Inu amene mwaphunzira kuwerenga, fotokozerani ana anu mbiri imeneyi, pakuti ena mwa iwo adzakhala otsogolera alendo. Awauze alendowo kuti ayende ochepa, asapatukane, adikire madzi akadzala, ndipo atsike osathyola kanthu.