Makadi a ku Berlin: kodi adafera chabe?

Buku la Hans Fallada lotchedwa Jeder stirbt für sich allein lidatuluka mu 1947, koma lidatchuka kwambiri litamasuliridwa m'Chingerezi mu 2009. Gwero lake ndi moyo wa Otto ndi Elise Hampel, banja wamba la ku Berlin. Mlongo wake wa Elise atafa ku nkhondo mu 1940, awiriwa adayamba kulemba makadi odzudzula Hitler n'kumawasiya mobisa m'malo odutsa anthu. Adalemba oposa 200, koma ambiri mwa owatola adathamangira nawo kupolisi. Pa 8 Epulo 1943 banjali lidaphedwa podulidwa mitu m'ndende ya Plötzensee.

Owerenga amagawikana. Ena amadandaula kuti mlembi adasintha mbiri, popeza m'bukumo wofa ku nkhondo ndi mwana wa banjalo. Ena amati awiriwa adafera chabe, poti makadiwo sadagwedeze boma.

Ife tikuti funso lachiwirili ndilo lolemera. Makadiwo adalepheradi. Komabe akutisonyeza kuti kukana kudali kotheka, ngakhale kwa anthu osauka. Amene adakhala chete adachita kusankha.