Kodi pa Sapitwa timakaonapo chiyani?

Wophunzira wanga wina anapatsidwa ntchito yomasulira m'Chichewa kapepala koitanira alendo ku phiri la Mulanje. Mawu ambiri sanamuvute. Pamwamba penipeni anati nsonga, njira yokwera anati chikweza, yotsika anati mtsetse, podutsira pakati pa mapiri awiri anati mpata. Koma atafika pa liwu la Chingerezi lakuti view, mutu unaima. Analemba kuti "maonekedwe", kenaka anabwera kudzandifunsa ngati zikumveka.

Ndinamuuza kuti waphonya. Maonekedwe ndi a chinthu chimene ukuchiyang'anacho: munthu, nyumba, mbuzi ya pamsika. Mlendo amene wagona pa Chisepo, n'kulawirira m'bandakucha kukwawa m'mathanthwe mpaka pa Sapitwa, potalika mamita 3,002, sakukafuna maonekedwe a phiri, pakuti phirilo walipondapo. Akufuna aone dziko lili m'munsi: chigwa cha Phalombe, nyanja ya Chilwa, minda ya tiyi ndi mapiri a ku Mozambique, ngati nkhungu ya chiperoni yamukomera mtima.

Nanga bwanji tilibe dzina la chinthu chimenechi? Makolo athu ankakwera phiri pali chifukwa: nkhuni, uchi, mankhwala, uzimba, nsembe, kapena kuthawa nkhondo. Kukwera kuti ukangoyang'ana n'kutsika ndi mwambo wobwera. Dzina lakuti Sapitwa likuchitira umboni lokha: kumeneko n'kwa mizimu, sikupitidwa. Komabe Chichewa sichisowa chonena. Amene wafikako amati, "Pamwamba paja dziko lonse limangooneka mbee!" Chizungu chimakonda kupatsa chinthu dzina, pomwe ife timafotokoza ndi mneni ndi mvekero. Ndiye ndinalangiza mnyamatayo kuti asaumbe dzina mokakamiza. Malowo awatche "poonera patali", ndipo chiganizocho chiyende ndi mneni.

Liwu lachiwiri ndi lovuta mwa mtundu wina. Anyamata onyamula katundu wa alendo kuchokera pa Likhubula, wophunzirayo anawatcha "amtengatenga". Chichewa chake n'cholondola, koma liwuli lili ndi chipsera. Amtengatenga anali amuna amene atsamunda ankawagwira kuti asenze katundu wa asilikali pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Munthu amene wasankha yekha ntchito, amakambirana mtengo, ndiponso amathamanga mpikisano wa chaka ndi chaka wa paphiripo, tingamuveke dzina la thangata? Apa ine ndili kumbali ya kubwereka. Eni ake amati mapota, ndipo liwulo lakhazikika. Koma "gaidi" ndimamukana, chifukwa namulondola tili naye kale, ndipo ndi woposa gaidi: amadziwa pobisala mvula ikayamba, pomwera madzi ndi pamene sipalozedwa chala.

Ena adzati ndikudzitsutsa, kuno kubwereka, uko kukana. Ayi. Muyeso wanga ndi umodzi: liwu linene zoona za chinthucho m'khutu la mwini chilankhulo. Vuto lathu n'lakuti mawu timawagamulira mu ofesi. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linkalamula kuchokera pamwamba. Mu 1996 ntchitoyo inapita ku Centre for Language Studies ya ku Zomba. Kuyambira mu 2014, boma linati ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Mwana wa ku Phalombe adzadziwa liwu la Chizungu la phiri limene amaliona tsiku lililonse, koma chikweza ndi mtsetse adzazimva kwa agogo okha, ngati alipo.

Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika Mulanje m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse, ndipo chachikulu chimene linayang'ana ndi chikhalidwe ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe ozungulira phirilo. Zikhulupirirozo zimasungidwa m'mawu. Akatswiri anzanga, safunsa anadya phula. Tisanaumbe liwu lina lililonse la za kuphiri, titenge kope ndi cholembera, tipite pa Likhubula, tikakhale pansi ndi mapota ndi anamulondola, atiuze momwe amazitchulira.