Mtengatenga

Mawuwa anachokera ku mneni “kutenga”, ndipo kubwerezako kukunena ntchito yosatha: watula uwu, senza wina. Kale amtengatenga anali anthu osenza katundu wa azungu pamutu, ulendo wapansi wa masiku ambiri. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ambiri anagwidwa mokakamiza, ena n’kufera m’njira. Lero ku Malawi mawuwa anakwera pampando, moti timamva za unduna wa zamtengatenga.

Njanji itafika ku Kabwe, m’dziko la Zambia, mu 1906, pomwe tawuniyi inkatchedwa Broken Hill, sitima inayamba kupeputsa mitu ya anthu. Komabe pakati pa lole ndi nyumba yosungira katundu pamafunika wonyamula. Malole a pa Great North Road, msewu wodutsa pa fakitale ya Mulungushi Textiles, akaima padepoti, ntchitoyi imagwera woyendetsa forklift.

M’mawa amayamba wayang’ana mafuta, mabuleki, matcheni ndi hutala. Akatero amalowetsa mafoloko awiri a makinawo pansi pa paleti, kupendeketsa mtolo chakumbuyo pang’ono, n’kuyenda nawo uli m’munsi, chifukwa akaukweza kwambiri makinawo sachedwa kugudubuzika. Katundu akamutchinga kumaso, amayenda chafutambuyo.

Kodi iyeyu n’kumutcha mtengatenga? Ine ndimakayika. Kawirikawiri amalandira pamwezi, kuphatikizapo ovataimu, ndipo anzake amangomuti dalaivala. Dzinali likuwakhala bwino aganyu otsitsa matumba a feteleza pamsana, amene malipiro awo amawerengera thumba kapena lole imene atsitsa tsikulo.