MPHEPO YA KUMWAMBA NDI BWALO LA NDEGE LA LIVINGSTONE

Aphunzitsi anzanga, ana atandifunsa cifukwa cace ndege imafika msanga tsiku lina ndi kucedwa tsiku lina, ndinapeza yankho m'mbiri ya bwalo lathu lomwe lino.

Bwaloli linatsegulidwa m'caka ca 1950. Lisanamangidwe, ndege za BOAC zinali kutera pamadzi a Zambezi. Pa 2 May 1952 ndege ya Comet inanyamuka ku London ndi anthu 36, niima ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone, nifika ku Johannesburg asanathe maora 24. Ndiwo unali ulendo woyamba wa jeti yonyamula anthu olipira. Inauluka kupitirira mapazi 30,000, kumene kuomba mphepo yochedwa jet stream.

Mphepoyi iyenda monga mtsinje wopapatiza, kucokera kumadzulo kunka kum'mawa, ndipo nthawi zina ipitirira mailosi 200 pa ora. Iomba kumwera kwathu, koma pa nyengo yacisanu isendera kumpoto. Ndege ikakomana nayo maso ndi maso mafuta atha msanga; cotero wolakwa powerengera aika miyoyo ya anthu pangozi.

Nanga munthu adziwa bwanji mphepo yosaoneka? Kuyambira 1923 kufikira 1925, Wasaburo Oishi wa ku Japan anaulutsa mabaluni oposa 1,200, nawatsata ndi galasi loonera patali, nalemba liwiro lao. Anaphatikiza ziwerengero za nyengo iri yonse, nazigawa kuti apeze capakati, naona kuti mphepo yacisanu ndiyo yaukali. Koma pakuti analemba m'cinenero ca Esperanto, owerenga anacepa, ndipo mu 1944 oyendetsa ndege a ku America anaipeza modzidzimuka pamwamba pa Japan.

Nkhondo itatha, akatswiri anayamba kuwerengeranso kuti mphepo imapatuka motani pa capakati cija, kuti mafuta akwanire ngakhale pa tsiku loipa. Kuyambira 1992 makompyuta awerengera maulosi ambiri nthawi imodzi. Akagwirizana, ulosiwo ngwodalirika, akasiyana, woyendetsa acenjere.

Comet yoyambayo inaleka kuuluka mu 1954, ndipo mu 2011 bwaloli linalandira dzina la Harry Mwaanga Nkumbula. Koma njira ya Oishi ikalipobe. Tsono ana athu alembe mvula tsiku ndi tsiku, aphatikize, agawe. Nchito imeneyi ndiyo mbeu ya nzeru yomwe itsogolera ndege.