Mbewa ndi Chinsinsi cha Mkaka

Kwa anthu a ku Chiosya m'boma la Mchinji, mbewa ndi ndiwo ya m'chilimwe ndiponso mdani wa chimanga. Koma mbale wake wa mbewa ya kumundayi, amene akatswiri a sayansi amamuŵeta m'nyumba zofufuzira, anathandiza kuyankha funso lakalekale: kodi nchiyani chimalamula bere kuti litulutse mkaka?

M'chaka cha 1933, Oscar Riddle ndi anzake ku America analongosola za timadzi tochokera m'kachiwalo ka kunsi kwa ubongo, timene anatitcha prolactin. Timadziti ndi mthenga wouza bere kuti nthaŵi yoyamwitsa yakwana. Komabe panapita zaka zambiri asanadziŵike wolandira uthengawo m'kati mwa bere.

Apa mpamene mbewa inagwira ntchito. Iyo imaswa patangotha milungu 3, pamene ng'ombe imatenga miyezi 9, motero wofufuza sachedwa kuona zotsatira. Akatswiri anaphunziranso kuchotsa m'mbewa kachidutswa kamodzi ka malangizo a chibadwa amene mwana amalandira kwa makolo ake. Kachidutswa kotereka kamatchedwa jini.

Mu 1997, gulu la Lothar Hennighausen ku Bethesda, m'dziko la America, linachotsa jini yotchedwa Stat5a. Mbewazo zinakula bwino, zinaswa ana, koma zinalephera kuyamwitsa ngakhale prolactin analimo m'magazi. Mthenga anafika, koma wopititsa uthengawo patsogolo panalibe.

Mu 2000, ku San Francisco, mbewa zochotsedwa jini ina, Dgat1, imene imathandiza thupi kupanga mafuta, nazonso zinasoŵa mkaka. Patatha zaka ziŵiri, mu 2002, ofufuza a ku Belgium ndi New Zealand anapeza kuti kusiyana pang'ono kwa jini yomweyo mu ng'ombe kumasintha kuchuluka kwa mkaka ndi mafuta ake.

Mbiriyi ikukhudza khola la mlimi wa m'Malaŵi. Ng'ombe yamakolo ya Zebu imapirira kutentha ndi nkhupakupa koma mkaka wake ngwochepa. Ya Friesian imatulutsa wochuluka koma sichedwa kudwala. Nchifukwa chake alimi amaphatikiza mitundu iŵiriyi. Nkhunzi siyamwitsa, komabe theka la majini a thole limachokera kwa iyo, choncho kusankha nkhunzi ndiko kusankha mkaka wa m'tsogolo. Chibadwa chimangoika malire a mkaka umene ng'ombe ingatulutse. Kuti iwafike malirewo, pafunika msipu wokwanira, madzi abwino ndi dibi.