Marimu otuwa a Porsche

Ndinakula ndikudziwa kuti chitsulo chikathima, umachikwecha ndi mchenga mpaka chiwale. Mapoto a mayi anga ndiwo mboni. Ndiye nditayamba kuwerenga mbiri ya marimu a Fuchs, a pa galimoto zakale za Porsche 911, ndinaona kuti manja angawa akanawawononga tsiku limodzi.

Marimuwa anatuluka mu 1966 pa 911 S. Kampani ya Otto Fuchs, ku Meinerzhagen m'dziko la Germany, inkawasula ndi aluminiyamu kuti akhale opepuka koma olimba. Akawasula, ankawaviika mu asidi n'kudutsitsamo magetsi. Njirayi, yotchedwa anodizing, inayamba ku Britain mu 1923 poteteza zitsulo za ndege zotera panyanja. Imameretsa pa aluminiyamu kakhungu kolimba, kopyapyala kuposa tsitsi.

Kakhunguka ndi kamene kamatuwa. Mchere womwe amathira m'misewu nthawi ya chisanu kumeneko, fumbi la mabuleki ndi mankhwala aukali otsukira zimakadya pang'onopang'ono. Ukakwecha, rimu iwaladi, koma wachotsa kakhungu kamene kakhalapo zaka zoposa 50, ndipo kukabwezeretsa mpaka amisiri aviikenso rimu yonse.

Nanga a Porsche ankalangiza chani? Kutsuka ndi madzi, kuumitsa, kenako kupaka Vaseline ndi kansalu kofewa. Eya, Vaseline yemweyu amene mayi ankatipaka m'miyendo tikatuwa mu June! Amalowa m'timabowo ta kakhunguko, mtundu n'kubwerera. Koma pamene mankhwala anadya kale pamakhalabe mbuu, olo upake botolo lonse.