Chitsulo sichitopa

Ophunzira zachipatala akafika pa mawu akuti fatigue m'nkhani ya zitsulo zogwirizira msana, ambiri amangoti "kutopa kwa chitsulo". Mawuwa ndimawakana. Wotopa amapuma, m'mawa n'kudzuka ndi mphamvu. Ndodo ya titaniyamu imene dokotala waimanga ndi masikuluwu m'mafupa a msana sibwereranso mwakale ngakhale wodwala atagona mwezi wathunthu. Munthu akawerama kapena kusenza katundu, ndodoyo imapindika pang'ono. Kamng'alu kosaoneka ndi maso kamayamba, nthawi zambiri pokumanira sikuluwu ndi ndodo, n'kumakula mpaka tsiku lina chitsulo thyo! Mwana wa ku Ulongwe amene anadulapo waya wa galimoto yake poupindapinda akuzidziwa zimenezi. Tiziti "kuthyoka kopindapinda". Ndi mawu aatali, koma sanamiza wodwala.

Sikuluwu ndi titaniyamu tibwereke ndithu, ndi mayina chabe. Chondidetsa nkhawa ndi mawu athu omwe, amene amveka bwino kukhutu koma asokeretsa.

Ena otere ndi akuti "chinayesedwa". Munthu wochokera ku Ntaja akawamva amaganiza kuti chitsulocho chinayesedwa m'thupi longa lake. Koma pa muyezo woyesera zitsulozi wotchedwa ASTM F1717, masikuluwu amalowetsedwa m'zidutswa ziwiri za pulasitiki wolimba, pakati n'kusiya mpata ngati kuti fupa limodzi lachotsedwa. Makina amapanikiza n'kumasula mpaka ka 5 miliyoni. Akamatero kasanu pa sekondi, ntchito imatha masiku osakwana 12. Pulasitiki alibe minofu, sadyedwa ndi TB ya msana, safumbutuka ngati fupa la nkhalamba, komanso salumikizana. Mayesowa amangofanizira chitsulo china ndi chinzake. Sanena kanthu za mayi wosenza ndowa ya malita 20 kapena wopanga mizere tsiku lonse.

Ntchito ya chitsulo ndi kugwirizira msana mpaka mafupa atalumikizana. Akapanda kutero, chidzathyoka. Wakabaza amene wagwa pamsewu wa Liwonde, n'kutumizidwa ndi chipatala cha boma cha Machinga kukachitidwa opaleshoni ku Queens, ayenera kumva zimenezi asanabwerere kwawo, ndipo mwina m'Chiyao, poti ambiri ku Machinga ndi Balaka ndicho amayankhula pakhomo.

Vuto n'lakuti palibe anapatsidwa udindo woweta mawuwa. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, koma dokotala amaphunzira zonse m'Chingerezi, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linatsitsira Chingerezicho mpaka Sitandade 1. Womasulira pabedi la wodwala ndi namwino, nthawi zina wodikirira odwala, aliyense ndi mawu ake. Ndikupempha a Centre for Language Studies ku Zomba ndi a yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS akhale pansi ndi madokotala a mafupa a m'zipatala za m'maboma, aitanenso owotcherera zitsulo a pa Balaka, amene amaona ming'alu ya makaliyala a njinga tsiku ndi tsiku. Zimene agwirizanezo azilembe pa chikalata chimene wodwala amasaina asanalowe kufiyeta, m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe.